Kuthamanga m'madzi akuya mwendo uli wovulala: lamba woyandamitsa ndimupeza kuti kuno ku Dedza?

Liwiro_la_Bembeke:
Akuluakulu ndi anzanga a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Msongolo wakumanzere unayamba kuwawa ndikamatsetsereka phiri la Dedza pothamanga, mpaka unafika poti ngakhale poyenda ndikuumva. Kuchipatala andiuza kuti fupa lachita kamng'alu chifukwa chomenyetsa phazi pansi mobwerezabwereza. Chikhakha sanandiike, koma andiletsa kuthamanga ndi kudumpha kwa masabata 6 mpaka 8. Chonsecho maso anga anali pa Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje mu July. A fiziyo, omwe amathandiza ovulala mafupa ndi minofu kuchira ndi masewera olimbitsa thupi, anandiuza kuti othamanga akunja akavulala chonchi amakathamangira m'madzi akuya, poti phazi silifika pansi, atamanga lamba woyandamitsa m'chiuno. Lamba ameneyu amapezeka kuti? Chilipo china chomwe chingagwire ntchito m'malo mwake? Nanga zimathandizadi, kapena ndi zongodzitangwanitsa?

Kabaza_wa_Lizulu:
Kuthamanga m'madzi? Mukuthawa ndani achimwene kkkk

Kachewere_Original:
M'madzi a ku Dedza, May ali pakhomo? Mwendo uchira ndithu koma chifuwa chikutengani.

Aphunzitsi_a_PE:
Musamuseke mnyamatayu, wafunsa zenizeni. Pothamanga pamtunda, phazi likamenya pansi mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lako kawiri kapena katatu, ndipo potsetsereka phiri zimaposa pamenepo. N'zimene zang'amba fupalo. Ukalowa m'madzi ofika m'chiuno, miyendo imangosenza theka la thupi. Akafika m'khosi imasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ukapita pakuya poti sukugunda pansi n'komwe, fupa silisenza kanthu. Koma mtima ndi mapapo zimagwira ntchito ndithu, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndiye kukankha ntchafu mmenemo si masewera. Akatswiri a zamasewera anaziyesa kale: othamanga omwe anasiya msewu n'kumathamangira m'madzi okha kwa masabata 4 mpaka 6 anapezeka kuti mphamvu yawo ya kapumidwe sinatsike kwenikweni. Ndiye funso lachitatulo yankho lake ndi lakuti inde. Mafunso awiri oyambawo ndi amene ali ovuta kuno kwathu.

Fundi_wa_pa_Boma:
Palibe chovuta apa. Zigubu ziwiri za mafuta ophikira za malita 5, mutseke bwino, mumange ndi legeni, china kutsogolo china kumbuyo. Ana a kunyanja amaphunzirira kusambira zomwezo. Mukufuna kuitanitsa lamba ku Joni pomwe zigubu zili mbwee pamsika?

Mayi_Fiziyo:
A Fundi, ndikupempheni mwaulemu, maganizo amenewo asatsatidwe. Ndifotokoze chifukwa chake. Lita imodzi ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi m'madzi. Zigubu zanu ziwirizo ndi makilogalamu 10. Thupi la munthu m'madzi silifuna zochuluka choncho, chifukwa palokha limakhala pang'ono kuyandama. Chongofunika ndi chokweza mutu ndi khosi pamwamba pa madzi. Mukaika zambiri, chiuno chimakwera m'mwamba, mutu n'kugwera kutsogolo, ndipo m'malo mothamanga mumangolimbana ndi kudziwongola. Chachiwiri, legeni imaterereka ikanyowa. Chigubu chimodzi chikapulumuka, chotsalacho chimakupendeketsani mbali imodzi, muli pakuya, mwendo wina uli wovulala. Chachitatu, chitsekerero cha chigubu cha mafuta sanachipangire zimenezo.

Lamba weniweni amapangidwa ndi fomu yosamwa madzi, wotambalala kumsana, wopyapyala kutsogolo, ndipo amamangidwa molimba m'chiuno. Kutambalala kwa kumsanako n'kumene kumathandiza kuti munthu uime chilili, kungoweramira kutsogolo pang'ono. Wotchuka kwambiri ndi AquaJogger wa ku America, koma alipo a makampani ena. Ndipo wina asanamizidwe: lambayu si chopulumutsira moyo. Ukakomoka sakutembenuza kuti nkhope iyang'ane kumwamba.

Fundi_wa_pa_Boma:
Chabwino mayi, ndiye tichepetse. Mabotolo awiri a malita 2?

Mayi_Fiziyo:
Kuwerengera kwake kwayandikira, koma vuto la chitsekerero ndi kuterereka likadalipo.

Liwiro_la_Bembeke:
Nanga life jacket? Pa kaunjika wa pa Lizulu ndinaonapo zingapo zapachikidwa.

Msodzi_wa_Mtakataka:
Life jacket ndimaidziwa bwino aise. Ukaima chilili m'madzi imakwera. Mapewa ake amafika m'makutu, kutsogoloku imakukankha chibwano, ndiye ukamaponya manja imakupala m'khwapa mpaka kusupuka. Pakatha mphindi zochepa uona mizere yofiira mbali zonse ziwiri. Zikuluzikulu zija zokhala ndi kolala anazipanga kuti zikugoneke chagada, ndiye zizilimbana nawe nthawi yonse. Ngati mwapeza yaing'ono yopanda kolala, ya anthu opalasa tingalawa tamasewera, yokhala ndi kalamba kodutsa pakati pa miyendo, imeneyo ingayeseko. Koma ya kaunjika muionetsetse, zina fomu yake inafota kalekale.

Telala_wa_Tsangano:
Bweretsani jekete yomweyo kwa ine. Ndiisomola, nditulutsa fomu yake, ndidula zidutswa, ndisoka lamba wa nsalu yolimba wokhala ndi matumba, chachikulu kumsana, tiwiri ting'onoting'ono m'mbali. Chomangira titenga chapulasitiki cha pa chikwama chakale cha kumsana, chija chimalira kuti kwe ukachitseka. Matumbawo tisiya otsegula pamwamba ndi zipi kuti muzitha kuwonjezera kapena kuchotsa fomu.

Kachewere_Original:
Matiresi akale ndili nawo a Telala, ndikupatsani ulere.

Telala_wa_Tsangano:
Siponji ya matiresi imamwa madzi bambo, mukufuna timumize mwana wa eni? Kuyesa kwake n'kosavuta. Duleni kachidutswa, kaviikeni m'beseni, kafinyeni. Kakatulutsa madzi, katayeni. Fomu yoyenera ukaifinya m'madzi imatuluka youma m'kati, madzi amangotsetsereka pamwamba. Timphasa tija ta alendo ogona m'matenti timakhalanso ta mtundu womwewo.

Mayi_Fiziyo:
Maganizo a Telala ndi abwinopo kuposa zigubu. Ndiwonjezere kuti othamanga ambiri ndi owonda, a minofu yokhayokha, ndipo mnofu ndi fupa zimamira pomwe mafuta amayandama. Ndiye lamba yemwe angandikwane ine sangamukwane Liwiro. Akasokedwa, mukamuyese kaye posaya poti mutha kuima. Pindani miyendo, manja asagwedezeke, muzipuma bwinobwino. Madzi azifika pamapewa kapena m'munsi mwa chibwano. Akafika pakamwa, onjezerani fomu. Chifuwa chonse chikatuluka, chotsani.

Namwino_wa_ku_Ntcheu:
Nonse mwatanganidwa ndi lamba. Ine funso langa ndi lakuti madziwo ali kuti? A Liwiro, mukufuna kukalowa pati?

Liwiro_la_Bembeke:
Kufupi ndi kwathu kuli damu la ulimi wothirira, pakati pake ndi pakuya ndithu. Palinso dzenje lomwe ankakumbamo miyala, madzi sauma chaka chonse.

Namwino_wa_ku_Ntcheu:
Ndimaopa zomwezo. Madzi odikha a m'madamu, makamaka okhala ndi bango ndi udzu m'mbali, ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take sitidikira kuti umwe madziwo, timaboola khungu, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Inu mukukamba zokhalamo theka la ola, kangapo pa sabata. Mudzayamba kuona magazi pokodza patapita masabata kapena miyezi, mwinanso osaona kanthu koma m'kati chikhodzodzo chikuwonongeka. Mankhwala alipo, praziquantel, koma amapha nyongolotsi zikakula, n'chifukwa chake amati munthu amwe patapita masabata 6 mpaka 8 chilowereni m'madzimo. Ndiye musaganize kuti mungamwe lero n'kukalowa mawa muli otetezeka.

Za dzenje la miyala ndiye musazitchulenso. Makoma ake ndi ochita phompho, potulukira palibe, pansi pali zomwe simukuziona, ndipo madzi a pansi ndi ozizira kuposa a pamwamba. Kuchipatala timalandira mitembo ya anyamata odziwa kusambira ochokera m'maenje otere.

Ngoni_Weniweni:
Anthu a ku Dedza mumakonda kudzitama ndi chisanu. Bwerani ku Tsangano mu June muone ngati mungasambe n'komwe.

Kachewere_Original:
Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake 2,198. Inu mukapikisana ndi ndani? Kwathu mafuta ophikira amagwirana m'botolo.

Ngoni_Weniweni:
Chomwe mumatiposa ndi chifunga basi. Kabichi ndi kachewere wabwino amachokera kwathu, inu mumangogulitsa pamsewu.

Dynamos_Mpaka_Kale:
Koma mpira ndiye musayerekeze.

Ngoni_Weniweni:
Mpira wake uti? Ife tikamavina ngoma timamenya phazi pansi tsiku lonse, munamvapo Mngoni wang'ambika msongolo?

Kabaza_wa_Lizulu:
Amakhala atamwa masese, ululu amaumva mawa lake kkkk

Admin_Chongoni:
Abale, za kachewere ndi ngoma mukatsegule nkhani yake ina. Munthu wafunsa za mwendo.

Aphunzitsi_a_PE:
Komatu nkhani ya kuzizira si yoseketsa yokha. Madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga kuposa mpweya, pafupifupi ka 25. Maiwe ochitiramo masewera amasungidwa pa madigiri 26 mpaka 29. Damu la ku Bembeke m'mawa wa June silingayandikire pamenepo. Munthu wowonda akalowa m'madzi ozizira, poyamba mpweya umabanika, kenako zala zimachita dzanzi, minofu ya akatumba imakokana. Zala zikachita dzanzi ngakhale chomangira cha lamba sungachimasule.

Msodzi_wa_Mtakataka:
Ndiye tsikani kuno. Dedza yomweyi ili ndi nyanja, anthu akumtunda mumaiwala. Mutsike msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, mufike kuno kuchigwa, madzi ndi ofunda chaka chonse, sazizira kupyola madigiri 23 kapena 24 pamwambapa. Koma ndinene zoona zake. Gombe lathu ndi losaya, uyenda mtunda madzi ali m'mawondo, ndiye kuti upeze pakuya uyenera kupita kutali kapena kukwera bwato. Malo a bango ndi pomwe mitsinje imathira kuli ng'ona ndi mvuu. Kuyambira May mpaka August kuli mwera, nyanja imatha kukhala bata m'mamawa, pofika 10 koloko yalusa. Munthu wovala choyandamitsa mphepo ndi mafunde zimamukankha osadziwa, ukatembenuka gombe lili kutali. Mukabwera, pakhale bwato pambali panu ndi munthu wodziwa malowo. Nokha ayi.

Namwino_wa_ku_Ntcheu:
Ndipo likodzo kunyanjako liliponso, a Msodzi musabise.

Msodzi_wa_Mtakataka:
Sindinabise mayi, ife tinakula nalo. Kusukulu ankatimwetsa mapiritsi aja.

Za_ku_Town:
Njira yosavuta ndi swimming pool ku Lilongwe. Kuchoka pa Dedza ndi makilomita 85 okha pa M1. Madzi othira chlorine mulibe likodzo, mulibe ng'ona, ndipo khoma lili pafupi. Ku Kamuzu Institute kuli dziwe lalikulu lomwe anamanga chifukwa cha masewera a Region 5, a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa, a mu December 2022, mukafunse ngati amalola anthu wamba komanso masiku ake. Mahotela ndi makalabu ena amalolanso munthu kulipira pakhomo. Chofunsa musanakwere minibasi ndi kuya kwake, chifukwa maiwe ena a m'mahotela madzi amalekeza pachifuwa ponseponse. Inu mukufuna mbali yakuya mamita 2 kapena kuyandikira apo.

Liwiro_la_Bembeke:
Okha pa makilomita 85? Thiransipoti kupita ndi kubwera, kulipira pakhomo, katatu pa sabata. Ine ndimagulitsa mbatatesi achimwene, sindigwira ku banki.

Madala_a_Marathon:
Ndawerenga zonsezi ndipo ndikuona kuti mukumuzunguza mutu mwanayu. Ife tinathamanga zaka zambiri, ena opanda nsapato, tikavulala tinkakhala pansi. Basi. Mwendo ukapola tinkayambiranso. Masabata 8 si zaka 8. Mphamvu zomwe zingatsike zimabwerera. Koma mukamuika m'madzi, mtima wake ukhala wolimba, adzimva kuti ali bwino, tsiku lomwe adokotala adzati yamba pang'onopang'ono iye adzakwera phiri lonse chifukwa befu sakulimva. Fupa lidzang'ambikanso pomwe paja. Ndawaona anyamata otere. Kutopa msanga kuja n'kumene kumamuteteza munthu wongochira kumene.

Dynamos_Mpaka_Kale:
Madala, nthawi yanu inapita. Masiku ano osewera akavulala sakhala pakhonde.

Madala_a_Marathon:
Iwe mwana, amene ukuwanenawo ali ndi dokotala wowalondola tsiku ndi tsiku. Uyu ali ndi ife a pa foni.

Mayi_Fiziyo:
Madala anena chinthu chomwe ndimafuna wina anene, ngakhale sindikugwirizana nawo kuti angokhala. Fupa limalimba chifukwa chosenza katundu. M'madzi akuya silisenza kanthu, n'chifukwa chake limapeza mpata wopola, koma n'chifukwa chakenso silikhwima. Chimodzimodzi mitsempha ya kuchidendene ndi minofu ya akatumba, zomwe pamtunda zimagwira ntchito yaikulu yokankha nthaka koma m'madzi zimangotsatira. Ndiye munthu amatuluka m'madzi ali ndi injini ya lole pa matayala a njinga. Mankhwala ake si kuzimitsa injiniyo, koma kudziletsa pobwerera. Ukayamba kuyenda theka la ola osamva ululu, ndipo akakudina pafupa pomwe panavulala osamva kanthu, ndi pomwe umayamba kusakaniza: mphindi imodzi kuthamanga pang'onopang'ono, zingapo kuyenda, pamalo athyathyathya, kudumphitsa tsiku. Zotsetsereka phiri zimabwera kumapeto kwenikweni.

Ndipo a Liwiro, ndinene mosapsatira. Werengani nokha. Masabata 6 mpaka 8 opola, kenako masabata enanso angapo obwerera pang'onopang'ono. Porters Race ndi kukwera ndi kutsika phiri la Mulanje pamiyala. Kutsikako n'komwe kunakuvulazani pa phiri laling'ono la kwathu kuno. Ya chaka chino ichotseni m'mutu.

Liwiro_la_Bembeke:
Mayi, pamenepo ndiye mwandilasa. Ndiye ndivutikirenji ndi madziwo?

Mayi_Fiziyo:
Kuti mukadzabwerera musadzayambire pansi penipeni, komanso kuti mutu ukhale m'malo. Othamanga akangokhala amasowa tulo, amakwiya ndi aliyense, mapeto ake amakayesa mwendo usiku anthu asakuona. Bola atope m'madzi.

Madala_a_Marathon:
Apo pokha mayi mwanena zoona. Akazi anga ankati ndikavulala nyumba imachepa.

Shuta_wa_Netball:
Pepani ndilowerere. Ine ndi bondo, ndinapotokola potera pa netball. Ndili ku Lilongwe kusukulu ndipo ndakhala ndikuchita zimenezi ndi lamba wobwereka. Zomwe palibe ananena: zimatopetsa mutu koopsa. Umapalasa mwamphamvu koma khoma silikuyandikira, ana akukudutsa akusambira, anthu pamipando akukuyang'ana kuti mayiwa atani. Wina anandifunsa ngati ndikufuna thandizo. Chinanso, ludzu limakupeza ngakhale uli m'madzi, botolo lizikhala pakhoma. Kwa atsikana anzanga, chitenje kapena siketi m'madzi akuya ayi, zimakulunga miyendo. Tayiti ndi malaya ogwira thupi. Lamba mumange pansi pa nthiti molimba mpaka muone ngati mwanyanya, chifukwa m'madzi mimba imaphwa ndipo iye amakwera kufika m'mabere.

Aphunzitsi_a_PE:
Achemwali mwatithandiza. Ndiwonjezere za kathamangidwe kake, poti ambiri amalakwitsa n'kumasambira mwa galu akuganiza kuti akuthamanga. Thupi liime chilili, mutu, mapewa ndi chiuno pa mzere umodzi, kuweramira kutsogolo pang'ono chabe. Osapinda m'chiuno. Bondo likwere kufika pafupi ndi msinkhu wa chiuno, kenako phazi likankhe pansi ndi kumbuyo pang'ono. Zigongono zipindike monga pamsewu, manja apite kutsogolo ndi kumbuyo, osati m'mbali. Zikhatho muzifumbate pang'ono, mukazitambasula muyamba kupalasa ndipo miyendo ichita ulesi. Kupita patsogolo si cholinga. Amene akuyenda msanga m'dziwe nthawi zambiri ndi amene akubera.

Pa za kulimbika: mtima m'madzi umagunda mochedwerapo, mwina ka 10 pa mphindi kuchepera pa mmene ukanagundira pamtunda pa ntchito yofanana, chifukwa madzi amafinya miyendo n'kubweza magazi ambiri kumtima. Ndiye amene muli ndi mawotchi owerenga mtima musadabwe. Yezerani ndi mpweya. Ndipo kungoyandama pang'onopang'ono kwa ola n'kutaya ndalama ya pakhomo. Chitani mphindi 10 zotenthetsa thupi, kenako mphindi imodzi kapena ziwiri mwamphamvu ndithu, kupuma theka la mphindi kapena imodzi uku miyendo ikuyendabe, kubwereza ka 8 kapena ka 10, n'kumaliza ndi mphindi 5 zofatsa. Ngati dziwe lili laling'ono kapena ladzaza, mangani chingwe kumbuyo kwa lamba n'kuchikoleka pa chitsulo cha makwerero, muzithamangira pamalo amodzi.

Fundi_wa_pa_Boma:
Mwaona, legeni yanga ija yapeza ntchito.

Mayi_Fiziyo:
Pamenepo ndiye ndavomera a Fundi. Koma a Shuta, bondo ndi losiyana ndi msongolo. Madzi amakankha mwendo mbali zonse, ndiye mtsempha wa m'bondo ukakhala wosapola, kuponya mwendo mwamphamvu kutha kuutupitsa. Likatupa madzulo ake kapena mawa lake, chepetsani ndipo muwauze amene akukuonani. Kwa aliyense: chilonda chosapola, ulusi wa opaleshoni usanachotsedwe, chikhakha, malungo, matenda akugwa, zonsezi m'madzi ayi. A vuto la mtima afunse kaye adokotala.

Kabaza_wa_Lizulu:
Zoseka pambali. Bwanji njinga? Ine ndimakwera zitunda za kuno ndi matumba awiri a kabichi, mtima umagunda mpaka m'makutu, koma phazi silimenya pansi. Njinga ili pakhomo, yaulere, ng'ona palibe.

Mayi_Fiziyo:
Funso labwino kuposa loyamba lija a Kabaza. Kwa ambiri a kamng'alu ka msongolo njinga imaloledwa ngati sikupweteka pokwera ngakhale pambuyo pake. Koma ayambe pamalo athyathyathya, atakhala pachishalo, giya yopepuka, opanda katundu. Kuimirira pa mapedulo pachitunda kumakoka fupa lomwelo. A Liwiro akawafunse a fiziyo awo, chifukwa zimatengera mbali ya fupa yomwe yang'ambika. Mng'alu wa kutsogolo kwenikweni kwa msongolo umachedwa kupola ndipo umafuna kusamala kwambiri kuposa wa chakumbuyo m'kati.

Namwino_wa_ku_Ntcheu:
Ndipo wina amufunse mnyamatayu zomwe amadya. Fupa siling'ambika chifukwa cha phiri lokha. Anyamata ambiri amadzuka m'bandakucha, kuthamanga ndi m'mimba mopanda kanthu, tsiku lonse pamsika ndi tiyi ndi chiwaya, nsima usiku. Thupi likaperewera chakudya limasiya kukonza mafupa. Usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga yake, bonongwe, chisoso, nyemba, soya, mazira, mkaka ukapezeka. Atsikana othamanga amene msambo wasiya kubwera, chimenecho ndi chizindikiro chakuti thupi likuperewera ndipo mafupa ali pangozi, musachione ngati mwayi.

Shuta_wa_Netball:
Izi ndiye makochi athu satiuza.

Madala_a_Marathon:
Ndi nsapato. Za kaunjika zimaoneka zatsopano pamwamba koma pansi zinafa kale kwa mwini wake woyamba. Ipindeni ndi manja, ikangopindika pakati mosavuta isiyeni.

Liwiro_la_Bembeke:
Zikomo nonse. Ndaganiza chonchi. Damu ndi dzenje ndazisiya. Lachiwiri ndikafunsa za njinga kuchipatala. Loweruka ndimapita kale ku Lilongwe ndi matumba a mbatatesi pa lole ya amalume, ndiye tikatsitsa katundu ndizikalowa m'dziwe tsiku limenelo. Kamodzi pa sabata kali ndi phindu?

Aphunzitsi_a_PE:
Pakokha n'kochepa. Pamodzi ndi njinga masiku enawo, kuli bwino ndithu. Tsiku la m'madzilo likhale lolimbika kwambiri pa sabata yonse. Koma matumbawo asenze ena, inu muziwerenga ndalama.

Msodzi_wa_Mtakataka:
Funso lomwe palibe wafunsa. Aise, kusambira umatha?

Liwiro_la_Bembeke:
Pang'ono. Tinkasewera mumtsinje tili ana.

Msodzi_wa_Mtakataka:
Ndiye kuti sutha. Uwauze oyang'anira dziwe usanalowe, ukhale poti ukatambasula dzanja ukugwira khoma, ndipo tsiku loyamba uphunzire kumasula lamba n'kufika pakhoma wopanda iye. Lamba wosokedwa ndi telala akhoza kusomoka.

Telala_wa_Tsangano:
Zosoka ine sizisomoka, funsani aliyense pa Tsangano turn-off. A Liwiro, yezani m'chiuno pansi pa nthiti ndi chingwe, mutatulutsa mpweya, munditumizire ku inbox. Jeketeyo mugule yaikulu kuti fomu itsaleko, ndipo musalipire musanaifinye.

Kachewere_Original:
Pa loleyo pali malo a matumba anga anayi?